Funsani a Makanika: Chihonda chobwerera m'mbuyo chokha chija nchiyani?

A Makanika, moni kumeneko. Ine ndimanyamula anthu pa honda kuno ku Chipata, malo anga ndi chakufupi ndi msika wa Kapata. Sabata yatha pomwetsera mafuta pena mtauni panaima chinjinga chamoto chomwe chibadwire sindinachionepo, chachikulu ngati kagalimoto, kumbuyo mpando wotsamira ngati sofa, wailesi ikulira. Chomwe chinatizunguza mutu tonse nchakuti bambo uja atathira mafuta chinabwerera m'mbuyo chokha osakankha ndi miyendo. Pambali panalembedwa kuti Gold Wing. Anzanga akuti nchaku America, ine ndikuti Honda ndi ya ku Japan, mpaka tinabetcherana. Tilamuleni. — Wa honda, Kapata

Achimwene, mwaona chinthu chosowa ndithu, ine zaka zonse ndakhala ndikugwira sipanala ndazionapo zochepa chabe ndipo zonse zinali za alendo odutsa, ena akupita ku Mfuwe ena akulowera ku Mwami. Za kubetcherana zija musathamangire kulandira ndalama chifukwa nonse muli ndi mbali yanu. Gold Wing ndi ya Honda, inabadwira ku Japan, koma kuyambira cha mu 1980 mpaka 2009 ankaipangira ku Marysville m'chigawo cha Ohio ku America, kenako ntchito inabwerera kwawo ku Kumamoto. Ndiye zikutengera kuti yomwe munaionayo ndi ya chaka chanji.

Koma nkhani yake ndi yokoma, ndiloleni ndiitambasule. Mu 1969 Honda inatulutsa CB750 ya masilinda anayi, dziko lonse linagwedezeka, koma sipanapite nthawi Kawasaki anabwera ndi Z1 mu 1972 yomwe inali yaikulu ndi yaliwiro kuposa pamenepo. A Honda zinawakhudza. Chaka chomwecho anasonkhanitsa mainjiniya motsogozedwa ndi Shoichiro Irimajiri, munthu amene anali atapanga kale mainjini a njinga zampikisano, nkuwauza kuti apange mfumu ya njinga zonse. Anapanga yoyesera yotchedwa M1, ya masilinda 6, 1470cc. Imeneyo sinagulitsidwe, injini inali yaitali kwambiri moti woyendetsa ankasowa poika miyendo bwinobwino, koma nzeru zake sizinatayidwe.

Yomwe inafika pamsika ndi GL1000, anaionetsa ku Cologne ku Germany kumapeto kwa 1974 nkuyamba kugulitsa mu 1975. Lomba apa mvetserani bwino chifukwa mpamene pali luso. Injini yake ya 999cc masilinda anayi sanaimirire ngati pa honda yanuyo, anagona chammbali, awiri kumanzere awiri kumanja, pisitoni yauku ikamapita kunja yaukonso ikupita kunja, ndiye kunjenjemera kumathetsana kokha. Inkazizira ndi madzi, ili ndi rediyeta ngati galimoto, pomwe njinga zambiri nthawi imeneyo zinkadalira mphepo. Tcheni panalibe, mphamvu imapita ku tayala lakumbuyo kudzera mu shafti, chitsulo chozungulira chotsekeredwa mkati. Ndipo chomwe chimandisangalatsa kwambiri ine, chija mumachiona ngati thanki kutsogolo kwa mpando si thanki ayi. Ndinatsegulapo imodzi yakale mlendo wina ataima pagalaji pathu, mkati muja ndinapeza fyuluta ya mpweya, mawaya ndi mafyuzi, kabotolo ka madzi a rediyeta, mafuta enieniwo ali pansi pa mpando. Anatero kuti kulemera konse kukhale pansi, chifukwa njingayo yopanda mafuta inkalemera makilo pafupifupi 265, matumba asanu a chimanga ndi kanthu pamwamba. Katundu wotere mukamuika pamwamba simungakhote naye.

Chodabwitsa nchoti yoyambayo inabwera yambulanda, panalibe galasi lotchinga mphepo, panalibe mabokosi, panalibe sofa munaonayo. Ndipo a Honda eniake sankadziwa bwinobwino kuti apanga njinga ya ntchito yanji. Amene anawauza ndi ogula. Anthu a ku America, misewu yawo ndi yaitali yowongoka munthu umayenda tsiku lonse osakhota kwenikweni, anaona kuti injini iyi sitopa, sinjenjemera, sivuta, ndiye anayamba kumangirirapo okha zishango zamphepo zomwe ankapanga munthu wina dzina lake Craig Vetter, zotchedwa Windjammer, nkuwonjezera mabokosi mmbali ndi kumbuyo, mayi kumbuyo, ulendo. Zili ngati mmene anyamata a kuno amawotcherera keriyala yaikulu pa Boxer kapena kutalikitsa mpando kuti pakwane anthu awiri ndi thumba la feteleza, kusiyana kwake nkoti Honda anaona zimenezo nkunena kuti ngati anthu akufuna izi tiwapangire ife tomwe. Mu 1980 kunabwera GL1100 ndipo mtundu wake wotchedwa Interstate unachoka kufakitale utavala kale zonse. Mu 1982 anawonjezera Aspencade ya manyado ambiri, mu 1984 injini inakula kufika pa GL1200.

Kubwerera m'mbuyo kuja kunayamba mu 1988 ndi GL1500, pamene masilinda 6 a M1 aja anabwereranso, 1520cc. Njinga inali italemera moti ukaimika poyang'ana kumtsetse sungaikoke ndi miyendo, ndiye anapanga kuti mota ya sitata yomwe ija imalizitsa injini izithanso kuyendetsa njinga chammbuyo pang'onopang'ono. Si matsenga, ndi sitata. Mu 2001 kunabwera GL1800 ya 1832cc, fulemu ya aluminiyamu, kabuleta atachotsa nkuika mainjekita, mu 2006 anaikamo eyabagi, thumba lija limafufuma pa ngozi kuteteza woyendetsa, njinga yamoto yoyamba kugulitsidwa nayo. Zina mwa zimenezi zimapitirira makilo 400 zikathiridwa mafuta, matumba 8 amenewo munthu asanakwere. Ya 2018 anaichepetsa thupi ndipo ilipo ina yosintha magiya yokha, magiya 7, yopanda chogwirira cha kilatchi. Mu 2025 dzinali linakwanitsa zaka 50 likadali pamsika, ndipo njinga zochepa zedi zafikapo pamenepo.

Amalume, ndine mlimi wa fodya ndi soya ku Chadiza. Mlamu wanga ku Lusaka wandipezera Gold Wing yakale ya GL1100, akuti mwini wake akugulitsa motchipa chifukwa yakhala zaka osayenda, ingofunika batire. Ndimafuna ndizipitira ku munda ndi ku Vubwi kwa makolo, komanso kunyamulira katundu popeza akuti ndi yamphamvu kuposa zonse. Ndigule? — Mlimi, Chadiza

Mphwanga, pa ntchito mwatchulayo musagule, ndikunena mosapsatira chifukwa ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka ndipo ndimadziwa thukuta lake.

Mawu oti ingofunika batire ndawamva kambirimbiri pa njinga ndi pa magalimoto omwe. Njinga ikaima zaka petulo amauma mkati nkusiya zomatamata ngati ulimbo, ndipo iyi ili ndi makabuleta anayi, onse ayenera kutsukidwa kenako nkuwalinganiza kuti azikoka mofanana, apo ayi izingotsokomola. Thanki ili pansi pa mpando ija imachita dzimbiri mkati ndipo kuichotsa si ntchito ya mphindi khumi. Chachikulu ndi malamba a taimingi, omwe amachititsa mavalavu kutseguka ndi kutseka pa nthawi yake, alipo awiri kutsogolo kwa injini, ndi a labala, amakalamba ngakhale njinga isakuyenda. Lamba akaduka injini ikulira mapisitoni amamenya mavalavu, basi mwagula chitsulo chodula. Aliyense wogula yakale chinthu choyamba ndi kusintha malamba asanailize nkomwe. Palinso steta, ija imapanga magetsi otchajira batire, pa mitundu yakaleyi ikapsa muyenera kutsitsa injini yonse kuti muifike chifukwa ili kumbuyo kwa injini. Nanga ku Chadiza adzakutsitsirani ndani, ndipo sipeya yake mukaipeza kuti? Pa shopu za mtauni muno mudzapeza za Boxer, za TVS, za CG, koma za GL1100 ndi zochita kuitanitsa kunja nkudikira masabata, ndi msonkho pamwamba.

Ngakhale itakhala yabwinobwino, taganizirani msewu wanu. Masilinda aja atulukira mmbali ndipo mimba ya njingayo ili pafupi ndi nthaka. Nthawi ya dzinja matope a ku Vubwi, mwaterereka yagwa, muli nokha, makilo 300 agona chammbali, mudzadikira anthu ochokera ku munda kuti akuthandizeni kuidzutsa. Pamchenga ndiye tayala lakutsogolo limangolima. Mphamvu ilipo zoona koma ndi mphamvu yoyendera pa tala maola ambiri osapuma, osati yokwerera mizere ya mmunda. Alangizi a zaulimi sanapusitsidwe pomayenda pa Yamaha AG200 kapena DT, kapena Honda XL, zopepuka, zazitali miyendo, ikagwa umaidzutsa wekha nkupitiriza. Ndalama mwasungayo gulani imodzi mwa zimenezi kapena Boxer yatsopano, yotsalayo muike ku feteleza.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi njinga yoipa, ayi. Munthu wina wa ku Argentina, Emilio Scotto, anachoka kwawo mu 1985 pa GL1100 ngati yomweyo nkuzungulira dziko lapansi zaka 10, makilomita 735,000, mpaka analowa m'buku la Guinness lolembamo zinthu zoposa zonse padziko. Ndiye ngati mlamu wanuyo amakhala ku Lusaka, ali ndi ndalama yapadera komanso mtima wokonza zinthu zakale pang'onopang'ono, aigule iyeyo, aione kaye mapepala ake kuti ndi olongosoka, ndipo tsiku lina adzabwere nayo ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala. Great East Road kuchokera ku Lusaka kudutsa mapiri aja a ku Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete mpaka kuno, makilomita oposa 550, umenewo ndiye msewu womwe njingayi ingasangalale nawo, bola asamale mbuzi ndi maenje ndipo asayende usiku.

Bambo Makanika, ndamva kuti njinga zikuluzikulu zilibe tcheni. Ine tcheni cha honda yanga chimandidyera ndalama, miyezi ingapo chatha, masiproketi atha. Bwanji makampani satiikira shafti ifenso? — Mayi wogulitsa salaula, Katete

Amayi, funso lanu ndi lanzeru. Shafti ndi chitsulo chozungulira chotsekeredwa mkati, fumbi silichipeza, sichifuna kukungidwa, mumangosintha oilo wa mmagiya akumbuyo nthawi ndi nthawi. Nchifukwa chake BMW akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira kalekale ndipo Honda anaisankha pa Gold Wing, munthu woyenda mtunda wautali safuna kumaima panjira kudzoza tcheni. Vuto lake ndi lolemera, lodula kupanga, ndipo imadyako mphamvu ya injini pokhotetsa mayendedwe kuti afike ku tayala. Pa injini ya 1800cc simungazindikire, pa 125 kapena 150 yanuyo mungamve pokwera chitunda muli ndi belo kumbuyo. Komanso tcheni chikaduka pa Sinda mnyamata aliyense akulumikizirani, shafti ikafa ndi nkhani ina.

Chomwe chikukutherani tcheni mwachangu ndikuganiza ndi fumbi losakanikirana ndi oilo wakuda amene ambiri amathira, zimasanduka ngati sandipepa. Musachotse chikuto chija chimaphimba tcheni, anyamata amachichotsa ati chimasokosa koma ndicho chimateteza. Muzitsuka ndi palafini, chiume, kenako oilo woyera wa giya pang'ono. Musachikunge kwambiri, chizisewera ngati zala ziwiri mukachikankha pakati, ndipo muyese munthu atakhalapo. Posintha sinthani zonse pamodzi, tcheni ndi masiproketi onse awiri, chifukwa chatsopano pa mano akutha sichikhalitsa.

A Makanika, nanga bwanji njinga yamoto iliyonse kuno timangoti honda ngakhale ili ya ku India kapena ku China? — Mphunzitsi, Lundazi

Aphunzitsi, dzina limakakamira pa chomwe anthu anayamba kuchizolowera. Kampani ya Soichiro Honda inayamba mu 1948 ndi tinjinga ting'onoting'ono, ndipo chomwe chinaifikitsa mmidzi ya dziko lonse si Gold Wing ayi koma kanjinga kotchedwa Super Cub ka 1958, komwe pofika 2017 anali atapanga zoposa 100 miliyoni, kenako CG125 ya mu 1975 yomwe anaipangira dala maiko ngati athu kumene oilo sasinthidwa pa nthawi yake. Taonani chaka chimenecho, nchomwecho chomwe GL1000 inayamba kugulitsidwa. Kampani imodzi, chaka chimodzi, ina yopita ku misewu yaitali ya ku America ina yobwera ku fumbi lathu. Njinga zambiri za ku China mukuziona pa msika wa Lundazi injini zake anatengera pa CG yomweyo, mukatsegula mupeza timitengo tiwiri tachitsulo tokankha mavalavu monga momwe zilili mu CG yeniyeni, moti masipeya ena amalowana ndithu.