Zaka 38 si vuto, vuto ndi amene asunge hard drive

Achimwene, mwalemba pano kuti mukufuna kuyamba kupanga mafilimu ndipo pali bwana wofuna kuikapo ndalama. Zoti mwachedwa kuyamba chifukwa muli ndi zaka 38 zichotseni m'mutu. Chimene chandiyipira ndi choti bwana akufuna kuika ndalamayo akuti zonse mukajambula azisunga iye pa hard drive, kachipangizo kosungiramo zojambulazo. Ndipo inu ena amene mukuwalimbikitsa kuti Sembène, katswiri wa mafilimu wa ku Senegal, naye anayamba ali ndi zaka 40, mukunena zoona koma nkhaniyo mukuidula pakati.

Ousmane Sembène anabadwira ku Ziguinchor, kumwera kwa Senegal, mu 1923, mwana wa msodzi. Sukulu sanapite nayo patali, analowa usilikali wa France pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako anakathera pa doko la Marseille kunyamula katundu mpaka kuvulala msana. Koma pamene ankapita ku Moscow kukaphunzira za filimu ku Gorky Studio, anali atatulutsa kale mabuku, dzina analinalo, komanso anali atakhwimira mu bungwe la ogwira ntchito pa doko. Munthu wozolowera kulimbana ndi mabwana ameneyo. Filimu yake ya Borom Sarret ya 1963, ya bambo woyendetsa ngolo ku Dakar, ndi ya mphindi pafupifupi 20 basi. Anayamba ndi kakang'ono koti palibe akanamulanda.

Ine zinandionekera, n'chifukwa chake ndikulemba manja akunjenjemera. Ndinali ndi nkhani yanga ya mayi wamasiye wogulitsa usipa, tinakajambulira kunyanja. Bambo wina wa bizinesi anaika ndalama, kontirakiti tinasainirana bwinobwino, dzina langa lili pomwepo kuti dayilekita ndine. Titamaliza anati ndimupatse hard drive, mnyamata wake akakonzeko sound. Kuyambira tsiku limenelo foni yanga sankayankha. Ku ofesi kwake ankangoti abwana atuluka, galimoto yawo ili panja ndikuiona.

Ndinadzamvera pa status ya munthu wina pa WhatsApp kuti filimu ikuonetsedwa Loweruka ku holo ya hotela. Ndinavala jekete yobwereka n'kupita. Pakhomo panali mtsikana ndi pepala la mayina, anayendetsa cholembera kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso, kenako akuti, "Pepani bambo, simulipo, tikiti mugula?" Ndinagula. Kulipira kuti ndione filimu yanga! Ndinakhala kumbuyo pafupi ndi sipika. Poyambira penipeni anaikapo chizindikiro cha shopu yake. Malo amene mayi uja akuwerenga ndalama zausipa pa chitenje, osalankhula kanthu, amene tinadikira dzuwa kuti lipendeke kuti tiwajambule, anawadula n'kuthirapo nyimbo ya mphwake. Mathero anasintha, mayiyo akukwatiwa ndi munthu wolemera, zimene mu script mwanga munalibe. Mayina atayamba kukwera, dayilekita ndi iyeyo. Langa ndinalipeza pansi, pa othandiza kamera, ndipo analilemba molakwitsa. Anthu akuwomba m'manja, iye atagwira maikolofoni anandiona n'kunena kuti, "Uyo mnyamata wathu wa kamera, taimirira akuone." Ndinaimirira, chifukwa miyendo inangochita yokha.

Munthu ameneyo sadziwa ngakhale pobatanitsa batire la kamera. Ku location anabwerako kudzajambulitsa zithunzi atavala magalasi akuda, n'kudya nsomba za azisudzo. Mpaka lero amayenda m'tauni muno akudzitcha wopanga mafilimu, amaitanidwa kukalankhula kwa achinyamata. Azisudzo sanawalipire, ndipo amaimbira ine poti ndine ndinakawatenga m'makomo mwawo. Ndinapita kwa loya ndi kontirakiti ija, anati mlandu ndi wowina, koma ndalama imene anatchula kuti tiyambe inaposa mtengo wa kamera yanga. Pepalalo lili mu sutikesi.

Ndiye mukamatchula Sembène muzitchulanso nkhondo zake. La Noire de... ya 1966 inapata mphoto ya Prix Jean Vigo ku France, chitseko chinatseguka, koma pa Mandabi mu 1968 ndalama zinachokera ku France ndipo anachita kujambula kawiri, ina mu Chifalansa ina mu Chiwolofu, kuti anthu akwawo amve m'chilankhulo chawo. Ceddo ya 1977 boma la pulezidenti Senghor linailetsa ku Senegal, chifukwa chimene anapereka akuti kalembedwe ka dzina la filimuyo. Camp de Thiaroye ya 1988, ya asilikali a ku Africa amene anaphedwa ndi asilikali a France mu 1944 atafunsa malipiro awo, inawina mphoto pa chionetsero cha mafilimu ku Venice koma ku France inatha zaka pafupifupi 10 osaonetsedwa. Filimu ya Samori Touré, mtsogoleri wa kumadzulo kwa Africa amene analimbana ndi Afalansa, imene ankailota zaka zambiri anamwalira mu 2007 asanaijambule, ndalama sizinapezeke. Ameneyotu ndi munthu amene anawina pa chionetsero cha mafilimu ku Cannes ndi Moolaadé mu 2004 ali ndi zaka 81. Anamuletsa, anamumana ndalama, koma dzina lake pa ntchito yake linakhalapo. Kwa ine chachikulu pa moyo wake ndi chimenecho, osati zoyamba mochedwazo.

Tsono ndalamazo tengani, musazikane, filimu sijambulidwa ndi pemphero ndipo azisudzo amadya. Sembène yemweyo anatenga za Afalansa omwe ankawadzudzula. Sainiranani kontirakiti, mulembemo kuti womaliza kuvomereza editing ndinu, dzina lanu lidzaoneka pati, ndipo azisudzo awalipira ndani, liti. Inde yanga sinandithandize, koma sainanibe, pakhalenso mboni imene bwanayo amaiopa, kaya m'busa wake kaya mkulu wake. Gulani hard drive yachiwiri ndi ndalama yanu, muzikopera tsiku lililonse mukaweruka, mukaisunge kwa achemwali anu osamuuza bwanayo. Akafuna zoti aone, mupatseni kope yokhala ndi dzina lanu pakati pa chithunzi. Ntchito yanu ya pamweziyo musasiye, jambulani Loweruka ndi Lamlungu, ndipo yambani ndi ya mphindi 15 muone khalidwe lake musanamupatse nkhani yaikuluyo.

Mawa mukakumana naye mufunseni funso limodzi, kuti bwanji akufuna kusunga yekha. Zimene ayankhe mudzatiuze pompano, ndipo ngati amavala magalasi akuda ndi kuyendera galimoto yoyera, ndipezeni ku inbox msanga.