Ndikagwada ndimangomva zii: kodi chikhulupiriro changa chafa?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Dzina ndilisunga. Amayi awo anadwala chaka chathunthu, iwo n'kumapemphera, kusala kudya, kudzuka pakati pa usiku, koma matenda sanamve ndipo amayiwo anatisiya. Tsopano patha miyezi 8. Akagwada mawu satuluka, Baibulo langochita fumbi patebulo, ndiye mnzawo wa m'gulu la mapemphero wawauza kuti mwina pali tchimo lomwe sanalape. Akufunsa kuti: kodi chikhulupiriro changa chafa?

Mayi, pepani kwambiri ndi zovutazo. Ndiyambe ndi za mnzanuyo, chifukwa zandiwawa. Mawu amenewo ndi akalekale. Elifazi, Bilidadi ndi Zofari anamuuza Yobu zomwezo, kuti munthu sangavutike chonchi alibe mlandu. Masiku 7 oyamba anakhala naye pansi osanena kanthu, ndipo ine ndimaona kuti nzeru zawo zinathera pomwepo. Atangotsegula pakamwa, zonse zinasokonekera. Pa Yobu 42 Mulungu anakwiyira atatuwo, nati sananene zoona za Iye monga anachitira Yobu, wodandaula uja. Mnzanuyo mwina cholinga chake n'chabwino, koma katundu ameneyo musamulole akusenzetseni.

Munthu amene ndikufuna mumuyang'ane bwinobwino ndi Eliya, pa 1 Mafumu 19. Dzulodzulo lomweli anali pa phiri la Karimeli, yekha kulimbana ndi aneneri a Baala 450, moto n'kutsika kumwamba anthu onse akuona. Yezebeli atangotumiza uthenga woti amupha, munthu wamkuluyo analiyatsa liwiro mpaka ku Beereseba, n'kusiya mnyamata wake kumeneko, n'kuyenda yekha tsiku lathunthu m'chipululu. Anadzigwetsa pansi pa kamtengo n'kupempha kuti afe. Limenelo ndilo linali pemphero la mneneri tsiku limenelo.

Nanga Mulungu anatani? Sanamufunse za tchimo lobisika, sanamukumbutse za moto wa ku Karimeli. Anamusiya agone. Mngelo anamudzutsa, kumutu kwake kuli mkate ndi mtsuko wa madzi. Anadya, n'kugonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri: dzuka udye, ulendo ukukulira. Zoti akambirane zinadikira masiku 40, mpaka atafika ku Horebu, ndipo kumenekonso Mulungu sanali m'mphepo, m'chivomerezi kapena m'moto. Anabwera ndi kamawu kapansipansi. Inu mwasamalira wodwala chaka chonse, mwagona tulo ta kalulu, kenako maliro. Mvula ikakuona litsiro sikata. Thupi lotopa chonchi silingaimbe ngati kale, ndipo Amene analiumba akudziwa zimenezo.

Pano ndilankhule mosabisa. Ngati tulo tikusowa masabata ambirimbiri, chakudya sichikulowa, kapena maganizo odzivulaza akubwera, kaonaneni ndi adokotala kapena mlangizi, ndipo uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro. Nthenda ya kuvutika maganizo imachizika ngati nthenda zina.

Tsopano za pemphero louma. Inenso inandipezapo nyengo yotere. Ndinkakhala m'mphepete mwa bedi, nyali yazima, ndikuti "Atate" kenako basi, mawu atha, ndikungomva wotchi ikugunda. Chimene chinandigwira dzanja ndi Salimo 88, la Hemani. Masalimo ambiri odandaula amatembenuka chakumapeto n'kuyamba kutamanda. Ili ayi. Lili ndi mavesi 18, ndipo likutha munthuyo akunena kuti abwenzi onse atalikira, watsala ndi mdima. Koma taonani amene akumuuza zonsezo. Vesi loyamba akutchula Yehova, Mulungu wa chipulumutso chake. Munthu sadandaulira amene iye mwini anamutaya kale. Amene wasiyadi kukhulupirira savutika ndi chete wa Mulungu, amangodzipitira. Inu chete ameneyu akukupwetekani mpaka mwakhala pansi n'kulemba imelo yaitali chonchija. Kwa ine, chikhulupiriro chakufa sichilemba kalata yotere.

Simuli nokha m'gulu limeneli. Mayi Teresa wa ku Calcutta anamwalira mu 1997, ndipo makalata awo atasindikizidwa mu 2007 anthu anadabwa kuona kuti kwa zaka pafupifupi 50 ankamva ngati Mulungu wawatalikira, uku akutumikira odwala tsiku ndi tsiku. Yohane Mbatizi, yemwe anabatiza Yesu ndi manja ake, ali m'ndende ya Herode anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yesu alidi uja wakudzayo kapena ayembekezere wina. Pa Mateyu 11 pomwepo, Yesu anauza khamu kuti mwa obadwa mwa akazi sanaoneke wamkulu woposa Yohane. Koma m'ndendemo sanatuluke. Ndanena dala zimenezi, chifukwa sindikufuna kukunamizani kuti mukachita izi ndi izi, pofika mwezi wamawa mtima udzakhala utayera. Tsiku lake sindingakulonjezeni, ndipo chifukwa chimene amayi anu sanachirire, aliyense amene angakuuzeni kuti akuchidziwa mumuchenjere.

Chimene ndingakupempheni n'chaching'ono. Pukutani fumbi lija, mutsegule Salimo 88, muliwerenge mokweza ngati mawu anuanu. Mkwiyo ukabwera, muuzeni Mwiniwakeyo, sadzidzimuka. Mawu akakanika, bwerekani a bambo uja wa pa Maliko 9:24, amene anati akukhulupirira, koma athandizidwe kusakhulupirira kwake. Kutchalitchi pitanibe, ngakhale mutakhala kumbuyo osaimba, ena akuimbirani. Ndipo pezani munthu mmodzi wodziwa kukhala chete ngati anzake a Yobu m'masiku 7 oyamba aja.

Mukadzandilemberanso, mudzandiuzeko za amayi anu. M'kalata yonse ija mwafotokoza za matenda awo okha, ine ndikufuna ndimve kuti anali munthu wotani.