Kutchaja Leaf kunyumba ku Salima

Achimwene, mwafunsa ngati galimoto yanu yamagetsi ya Nissan Leaf mungamaitchaje pa soketi wamba kapena mugule chaja yapakhoma. Soketi imatheka, koma imapereka mphamvu ya pafupifupi 2.3 kW basi, ndiye batire ya 40 kWh ikatheratu idzafuna maola opitirira 17. Soketi yokalamba kapena yolobodoka imatentha mpaka kusungunuka ikamakoka magetsi otere usiku wonse. Ekistenshoni ndiye musayerekeze n'komwe.

Musanathamangire chaja ya 7 kW, onani kaye galimoto yanuyo. Leaf zina zochokera ku Japan zimalandira pafupifupi 3 kW yokha, ndipo pulagi yake ndi yamtundu wotchedwa Type 1, ndiye chaja iyenera kugwirizana nayo. Mungawononge ndalama pachabe.

Ine ndingaitane wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, akoke waya wakewake kuchokera pa bokosi la mabuleka, aike buleka yake ndi RCD (kachipangizo kodula magetsi akayamba kudontha, kuti munthu asagwidwe nawo), ayezenso ethi (waya wopita pansi). Chaja ya 7 kW imakoka magetsi okwana ma ampu 32 (32A), choncho funsani a ESCOM ngati mita yanu ingakwanitse. Muikenso chotetezera ku mphenzi, mukudziwa ziphaliwali zakunyanja kuno nthawi ya dzinja.

Batire ya Leaf siigwirizana ndi kutentha kwa Salima. Muziitchaja usiku kapena pamthunzi.