Kasitadi wa mango wokhala ndi shuga wowauka pamwamba: chalakwika n'chiyani?

FUNSO: Zikomo amayi a tsamba la zakukhitchini. Mu Ogasiti ndinapita ku ukwati wa mng'ono wanga ku Mfuwe, ndipo pamadyerero anatipatsa kasitadi wozizira wa mango m'timbale ting'onoting'ono, pamwamba pake pali shuga wouma ngati galasi amene tinkachita kuswa ndi supuni. Popeza mango apsa tsopano, ndayesa kawiri kuphika kunyumba. Koyamba kasitadi anadukaduka ngati chambiko, ndipo kachiwiri anagwira bwino koma shuga uja anasanduka madzi m'furiji. Ndilibe uvuni, ndimaphikira pa mbaula. Kodi ndikulakwitsa pati? Ndine mayi wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Amayi, musaimbe mlandu mbaula yanu. Chakudyachi Afalansa amachitcha crème brûlée, kutanthauza kirimu wowauka, ndipo chinalembedwa kale mu 1691 m'buku la wophika wina dzina lake François Massialot, nthawi imene kunalibe magetsi kapena gasi. Shuga ankamuwaula ndi chitsulo chotenthetsa pamoto, zomwe inunso mungachite ndi makala anu. Zimene zakuvutani kawiri konseko ndi moto wochuluka ndiponso madzi, ndipo zonsezi n'zotheka kuzikonza.

Kasitadi ameneyu sagwira ndi ufa wa kasitadi wa m'sitolo uja, umene ndi wa chimanga. Amagwira ndi mazira okha. Pa makapu aang'ono 6 tengani mamililita 500 a kirimu, kapena theka kirimu theka mkaka wosachotsa mafuta, chachikasu cha mazira 6, ndi masupuni aakulu 6 a shuga. Tenthetsani kirimu mpaka atayamba kutulutsa nthunzi, kenaka muthireni pang'onopang'ono m'mazira amene mwasakaniza kale ndi shuga, uku mukutakasa osaleka. Mazira amagwira bwino kutentha kukafika pafupifupi madigiri 80, koma kukapitirira 85 amakhwinyata n'kufinya madzi onse, ndipo chambiko munaona chija chimabwera motero.

Ndikuganizanso kuti mwina munasakaniza mango osaphika ndi mkaka. Mango ali ndi madzi ambiri komanso kuwawasa pang'ono, ndipo ziwirizi sizigwirizana ndi mkaka wotentha. Ine ndimaumirira kuti chipatso chikhale pachokha pansi pa kapu. Sendani mango akupsa kwambiri, muwafinyire pa sefa ngati ali aja aulusi amene amadzaza m'misika ya Chipata mu Disembala, ndipo muwaphike pamoto wochepa kwa mphindi 10 kapena kuposerapo mpaka atalimba ngati phala la mwana loti silitsika msanga pa supuni. Akazizira, ikani masupuni awiri m'kapu iliyonse, ndipo kasitadi mumuthire pamwamba mofatsa, modutsira pamsana pa supuni, kuti asasakanikirane. Nthochi za ku Nyimba zimakomanso kwambiri mukazidula n'kuzikazinga pang'ono m'batala. Koma chinanazi ndi papaya musayerekeze kuziika zosaphika, chifukwa zili ndi mphamvu yofewetsa nyama ija, imene imawononganso mkaka ndi mazira, moti kasitadi sagwira ndipo amatha kuwawa.

Pophika, yalani kansalu pansi pa mphika waukulu, ikanipo makapu, ndipo thirani madzi otentha mpaka afike pakati pa makapuwo. Makapu akhale achitsulo kapena adothi ochindikala, osati apulasitiki. Kulungani chivundikiro ndi nsalu yoyera kuti thukuta lake lisadonthere m'kasitadi. Apa ndiye pofunika kuleza mtima: makala aphimbeni ndi phulusa kuti madzi azingonjenjemera, asabwadamuke. Mukamva makapu akugogoda pansi pa mphika, moto wachuluka, phulani kaye. Pakatha mphindi 25 yambani kuyang'ana. Gwedezani kapu imodzi. Ngati m'mbali mwalimba koma pakati pakugwedezeka pang'ono, chotsani, poti amapitiriza kugwira akamazizira. Akapola, akhale m'furiji maola osachepera 4. Magetsi akakhala kuti azima, ndi bwino kudikira tsiku lina, chifukwa chakudya cha mazira ndi mkaka sichiyenera kukhala panja maola opitirira awiri, makamaka m'nyengo yotentha.

Za shuga wosungunuka uja, vuto linali nthawi imene munamuwaula. Shuga wowauka amakoka chinyezi, chochokera m'kasitadi momwemo ndiponso mumpweya, ndipo mango amapsa m'dzinja pamene chinyezi chili ponseponse. Choncho galasi lija silikhalitsa, ndipo mukalibwezera m'furiji limasanduka manyuchi. Muziwaula alendo atakhala kale pansi, kuti adye pasanathe mphindi 20.

Tulutsani kapu m'furiji, pukutani madzi a pamwamba ndi kansalu koyera mongokhudza, wazani supuni yaing'ono imodzi ndi theka ya shuga woyera, ndipo pendeketsani kapuyo kuti shuga afike paliponse mopyapyala. Wabulauni ndimamukana pantchito imeneyi, chifukwa ali ndi chinyezi ndipo amapserera asanasungunuke bwino. Tengani supuni yaikulu yakale yachitsulo cholimba, imene simukuidandaula chifukwa idzada, kulungani chogwirira ndi nsalu youma yochindikala, ndipo muiike pa makala oyaka kwa mphindi zingapo. Ikatentha, khudzitsani msana wake pa shuga n'kumayendetsa pang'onopang'ono. Mudzamva kulira kwa "tswii", utsi udzakwera, ndipo m'mbuyo mwa supuni mudzatsala mtundu wa uchi wakuda. Muitsuke, muipukute n'kuitenthetsanso musanapite pa kapu ina, apo ayi shuga wotsalirapo amapserera n'kuwawitsa zonse.

Chonde ana akhale kutali panthawiyi, chifukwa shuga wosungunuka amatentha kuposa madigiri 160 ndipo amamatirira pakhungu. Ngati supuni ikukuopsani, sungunulani masupuni aakulu 6 a shuga m'poto wouma osatakasa, ndipo akafiira ngati uchi thirani pang'ono pa kapu iliyonse n'kuizunguza msanga. Galasi lake limachindikala pang'ono kuposa la supuni, koma limasweka bwinobwino. Dikirani mphindi ziwiri kuti liume, ndipo muligogode ndi nsonga ya supuni musanapereke kwa alendo.