Mafunso ndi Mayankho pa Zaumoyo: BP yakwera koma sindikumva kuwawa

Funso: Lamlungu lapitali, mapemphero atatha, alangizi a zaumoyo anatiyeza BP pansi pa mtengo wa mango pa tchalitchi pathu, ndipo yanga inali 152/96. Ndili ndi zaka 48, sindine wonenepa, ndimalima ndekha, ndipo mutu sundipweteka. Anatchulanso za kolesitolo koma sanatiyeze. Kodi ndikudwaladi? Mnzanga akuti ndisayambe mankhwala chifukwa ukayamba susiya, ndizingodya adyo. Mayi wa ku Dedza.

Yankho: Mayi, kuyezedwa kamodzi sikokwanira kunena kuti muli ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, komabe nambala imeneyi si yoti muingoiwala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu ali ndi matendawa ngati BP yake yapezeka pa 140/90 kapena kupitirira apo pa masiku awiri osiyana. Nambala yam'mwamba imasonyeza mphamvu ya magazi m'mitsempha pamene mtima ukupopa, ndipo yam'munsi ndi ya pamene mtima ukupuma pakati pa kugunda.

Choncho pitani kuchipatala chapafupi sabata ino mukayezetsenso. Musamwe tiyi kapena khofi mphindi 30 musanayezedwe, muyambe mwataya madzi, ndipo mukafika mukhale pansi mphindi zisanu, makamaka ngati mwayenda wapansi mtunda wautali. Poyezedwa, msana utsamire pampando, mapazi akhale pansi, mkono ugone patebulo molingana ndi mtima, ndipo musalankhule, ngakhale kuyankha moni wa mnzanu wodutsa.

Kusamva kuwawa kusakunyengeni, chifukwa matendawa amawononga mtima, impso, maso ndi ubongo mwakachetechete, mpaka munthu amangodzidzimuka tsiku lina atafa ziwalo mbali imodzi. Kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Owonda ndi alimi olimbikira analimo.

Mnzanuyo wanena zoona pang'ono: ambiri amamwa mankhwala monga hydrochlorothiazide kapena amlodipine kwa moyo wonse, koma si chifukwa chakuti mankhwalawo amazoloweretsa, koma chifukwa amatsitsa BP osachiza chimene chimaikweza. Adyo ndi wabwino mu ndiwo, koma sangalowe m'malo mwa mankhwala amene adokotala alemba. Chimene mungayambe lero ndi kuchepetsa mchere, usapitirire magalamu 5 patsiku, womwe ndi supuni ya tiyi imodzi yosadzaza. Powerengera, musaiwale mchere wa mu nsomba zouma, timibulu tokometsera ndiwo, ngakhalenso soda amene timathira mu therere, pakuti nayenso amakweza BP monga mchere.

Za kolesitolo, alangizi aja sanalakwitse, chifukwa makina omanga pamkono sangamuyeze. Kolesitolo ndi mafuta a m'magazi amene ambiri amapangidwa ndi chiwindi, ndipo mtundu wake wotchedwa LDL ukachuluka umakanirira m'mitsempha n'kuichepetsa njira. Kuyeza kwake kumafuna kutenga magazi, ntchito imene kawirikawiri imachitika m'zipatala zokhala ndi labotale yokwanira, monga zipatala zazikulu ndi zina zolipira. Ngati BP yanu yapezekanso yokwera, kapena ngati m'banja mwanu alipo amene anadwala mtima kapena sitiroko (kufa ziwalo mwadzidzidzi) asanakalambe, pemphani adokotala akutumizeni, ndipo akuyezeninso shuga. Pakadali pano chepetsani nyama yamafuta ndi zokazinga m'mafuta obwereza.

Mukadzamva mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kusaona bwino, kukhota pakamwa kapena kufooka kwa mkono ndi mwendo, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mutenge buku lanu lakuchipatala mmene mwalembedwa 152/96 ija.