Mayi, musadalire thabwa la mayina lokha

Mayi, mwandikanda pachilonda. Mukuti mtima wanu uli m'malo poti sukulu ya boma imene mwana wasankhidwirayo inatulutsa anthu otchuka. Bambo anganso ankatero. Yathu inali ya pa tauni yaing'ono, dzina sinditchula, ndipo mu holo munali thabwa lalitali la mayina a omwe anapita ku Chancellor College ndi ku Poly. Lolemba lililonse pa asembule ahedi ankatiwerengera mayinawo.

Ndili Folomu 4 bambo anagulitsa mbuzi ziwiri ndi thumba la mtedza kuti ndilipire mayeso a MSCE. Ndalama ndinapereka m'manja mwa mphunzitsi amene ankatolera, iye n'kulemba m'kope lake, lisiti osandipatsa. Anati, "Usadandaule mwana wanga, zonse zili bwino." Tsiku limene anamata mndandanda wochokera ku MANEB pa windo la stafu, ndinayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi katatu konse. Dzina langa panalibe. Tinalipo asanu ndi awiri. Miyendo inazizira, ndinangokhala pansi pakhonde pomwepo anzanga akundidumpha.

Bambo anapalasa njinga kuchoka kumudzi m'bandakucha. Anawakhazika pa benchi kunja kwa ofesi mpaka dzuwa paliwombo. Munthu wamkulu wa imvi anavula chipewa, nagwada pakhomo, koma ahedi osadzutsa n'komwe mutu, anangoti, "Abambo, lisiti lili kuti?" Basi. Mpaka lero ndikakumbukira bambo akupukuta fumbi m'mawondo, misozi imalengeza. Tsiku loyamba la mayeso anzanga akulowa mu holo lomwe lija la mayina, ine ndinali kuseri kwa khitchini ndikumva fungo la nyemba zofumbwa. Wakuba uja anangomusamutsira ku sukulu ina, mlandu n'kuthera pomwepo. Ahedi ankateteza mbiri ya sukulu, ife ana a alimi tinalibe wotiyankhulira. Mwa asanu ndi awiri aja, atsikana awiri anakwatiwa chaka chomwecho, sanabwererenso.

Za anthu otchukazi tiziganizanso bwino. Inde, ku Dedza, Box 48, kunaphunzira Bingu wa Mutharika ndi mng'ono wake Peter. Koma Dedza inatsegulidwa mu 1951, sekondale zili zowerengeka m'dziko muno: Blantyre ya 1940, Zomba Catholic ya 1942. Ofika kumeneko anali osefedwa kale dziko lonse. Mbiri ya nthawi imeneyo siikuuzani ngati lero mu labu muli zipangizo kapena ngati mphunzitsi wa masamu amalowa m'kalasi. Nanga William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu? Anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ija, makina ake amphepo anawapanga powerenga mabuku a mu laibulale yaing'ono.

Komabe mwanayo apite, musamubweze. Pa sukulu yomweyo panali mayi wina wa Biology amene ananditenga kukhala kunyumba kwawo chaka chotsatira, nandilipirira mayeso ndi malipiro awo omwe. Usiku ankatiphunzitsa ndi nyali ya koloboyi magetsi akazima. Ndinakhoza ndi mapointi 19. Dzina lawo pa thabwa lija palibe. Aphunzitsi a boma ambiri ndi anthu olimba mtima, ndipo ku pulayiveti zambiri za m'makwalalamu mungataye ndalama pachabe.

Chachikulu, ndalama iliyonse mukalipire nokha, lisiti mulijambule pa foni. Masiku ano za MANEB zimadutsa ku banki kapena pa foni, choncho musapatsire munthu m'manja ngakhale akhale wa mpingo wanu. Misonkhano ya PTA musamajombe, ndipo mukapita kukamuona mwana pa teremu yoyamba, mukalowe ku khitchini ndi ku hositelo, mukafunse ana a Folomu 3 kuti ndi aphunzitsi ati amene amabweradi m'kalasi.