Nthawi Imandithera M'chipinda cha Mayeso

Funso: Akonzi, ndili mu Fomu 4 kuno ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, ndipo ndikufunitsitsa kukaphunzira udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, koma pa mayeso a Masamu nthawi imatha ndisanafike pa mafunso omaliza. Nditani?

Yankho: Malo a udokotala amalimbiranidwa kwambiri, choncho malikisi amene mukusiya kumapeto kwa pepalawo angakuwonongereni mapointi a MSCE. Mukangolandira pepala, gawani mphindi molingana ndi malikisi a funso lililonse, ndipo funso likakuvutani, ikani kanyenyezi m'mbali mwake n'kupitirira, chifukwa kukakamira funso la malikisi atatu ndiko kumadya nthawi ya mafunso onenepa. Loweruka lililonse tengani pepala lakale la MANEB, ikani wotchi patebulo, ndipo nthawi ikakwana tulani cholembera, ngakhale yankho lili pakati.